Makoko a Lalanje pa Bandeji

Lolemba, 3 Juni

Andigoneka pa bedi nambala 6, pafupi ndi zenera. Kope ili andigulira mayi a kunyumba kuti ndizilembamo zonse zimene adokotala akunena, ati ine ndikamafotokoza pakamwa ndimasankha zokoma zokhazokha. Sakunama.

Shuga 21. Kutentha kwa thupi 37.2. Bala lili kuphazi lamanzere, m'munsi mwa chala chachikulu. Linayamba ndi msomali umene unaboola jombo kuntchito. Ndinayenda nawo tsiku lonse osamva kanthu, mapazi a munthu wa shuga ndi otero. Alitsuka, aikamo mankhwala, amanga. Jakisoni wa shuga m'mawa ndi madzulo. Wopha tizilombo katatu pa tsiku, kudzera pa kapaipi ka padzanja.

Wodi ino ndaidziwa kale ndi mphuno: mankhwala okolopera, sipiriti, phala lopserera, ndi masokosi a munthu wina amene ndimupeza mawa. Zaka 26 ndaima pa khomo la fakitale ya mkaka, ntchito yanga kununkhiza. Mlimi akatsitsa chigubu ndimatsegula chivundikiro, kukoka mpweya kamodzi, n'kunena kuti lowani kapena bwererani. Sindinalowetsepo mkaka wowonongeka.

Achimwene anga analowa m'chipatala ndi chala chimodzi chakuda. Anatuluka opanda mwendo, ndipo chaka sichinathe tinawaika m'manda. Ndikuopa kudulidwa. Ndalemba kamodzi, sindibwerezanso.

Lachiwiri, 4 Juni

Shuga 16. Thupi 36.9.

Cha m'ma 9 koloko kunabwera dokotala wachitsikana wa magalasi, akukankha katebulo. Pamwamba pake panali kabokosi ngati wailesi yaing'ono, kali ndi paipi ndi kakapu kumapeto. Anthu a m'wodi muno anakapatsa dzina loti Kagalu, chifukwa kamayenda bedi ndi bedi kununkhiza mabala.

Anavundikira kakapuko pamwamba pa bandeji, osamasula, kabokosiko n'kuyamba kulira pang'onopang'ono kakukoka mpweya.

"Bambo, musaope, sikaluma," anatero adokotalawo. "M'katimu muli tizitsulo ting'onoting'ono 32. Fungo likatikhudza, kalikonse kamayankha mwa njira yake, ndiye kamayerekeza ndi mafungo amene tinakaphunzitsa. Tizilombo ta pabala timatulutsa mpweya, mtundu uliwonse fungo lake. Ku labu amatenga masiku atatu kuti atiuze. Aka mphindi ziwiri."

"Ndimakadziwa aka," ndinatero. "Mkulu wake ali kuntchito kwathu. Ndinamuphunzitsa ndine."

Anavula magalasi n'kundiyang'anitsitsa. Ndinawafotokozera kuti zaka zitatu zapitazo fakitale inagula makina otere. Miyezi isanu ndi umodzi ine ndinkanunkhiza chigubu, n'kunena, injiniya n'kudina batani. Lero timagwira ntchito limodzi, iwo zigubu za kumanja, ine za kumanzere, ndipo akakayikira amaitana ine.

Kanyali kanayaka kobiriwira. Adokotala anati kobiriwira ndiye kuti bala lili bwino. Kachikasu ndiye kuti Kagalu sikakumvetsa, abwereze mawa. Kofiira ndiye kuti tizilombo talowa m'kati, munthu apite ku fiyeta, kochitira opaleshoni, akamutsegule.



Lachitatu, 5 Juni

Shuga 12. Kagalu: kobiriwira.

Mwini masokosi ndamupeza. Ndi wa pa bedi 7, dalaivala wa lole, munthu wa zaka ngati 40, wamkulu thupi, wamkulunso pakamwa. Anapsa ndi madzi a injini pa msongolo wakumanja. Amanditchula Achimkaka, ine ndimamutchula Adalaivala. Akuti mwendo wakumanja ndiye wa buleki, ukapita basi ntchito yatha, ndipo ali ndi ana anayi.

"Achimkaka, inu amene mumamva zonse, masana kukubwera chiyani?"

Ndinanunkhiza cha kukhomo. "Mpunga ndi nyemba. Nyembazo ndi zadzulo."

Chakudya chitafika wodi yonse inaseka, mpaka mayi ogawa chakudya anafunsa chimene chachitika. 

Mayi a kunyumba abwera ndi malalanje. Namwino wamkulu, amene tonse timangoti Sisitala, walola limodzi pa tsiku, osapitirira. Mayi amandisendera okha ngati ndine mwana, makoko n'kuwasiya m'kambale ka pa kabati. Zaka 31 tili limodzi, sanandilolepo kugwira mpeni pamene iwo alipo. Ati ndimataya theka la chipatso.

Lachinayi, 6 Juni

Shuga 11. Thupi 36.8. Kobiriwira.

Amasula bandeji. Sisitala akuti m'mbali mwayamba kufiira bwino. Adokotala aakulu anadutsa ndi gulu lawo, anati zikapitirira chonchi sabata yamawa ndikagona kunyumba. Mtima unakhala m'malo. Ndinadya zonse za m'mbale, nyemba zomwe.

Lachisanu, 7 Juni

Shuga 13.

M'mawa ndikupinda bulangeti ndinamva kafungo. Kakang'ono, munthu wamba sangakamve. Ndinawerama n'kununkhizanso. Ndi fungo la chigubu chimene chakhala padzuwa chili chotseka, mkaka pamwamba ukuoneka woyera bwinobwino koma pansi utayamba kale. Ndalibweza pa khomo la fakitale kambirimbiri. Lero likuchokera kuphazi langa.

Ndinabweza bulangeti pa phazi. Matayala a katebulo ka Kagalu ankamveka ku bedi 2.

Kuntchito kunali mayi wina woweta ng'ombe, wochenjera ngati chiyani, amene anatulukira kuti ukafinyira khoko la lalanje m'mbali mwa chivundikiro makina aja amasokonezeka. Mafuta a m'khokomo amadzaza tizitsulo tonse, makina n'kungoti sakumvetsa. Ine ndinamugwira tsiku loyamba lomwe, ndipo ndakhala ndikuchita nazo matama mpaka lero.

Makoko adzulo anali m'kambale. Ndinatenga limodzi, kulipinda, n'kufinyira pa bandeji katatu pansi pa bulangeti.

Kachikasu. Adokotala a magalasi anakwinya nkhope, anabwereza, kachikasunso. "Tiona mawa, bambo."

Ndadziuza kuti ndikungopatsa mankhwala mpata woti agwire ntchito. Masiku ena awiri okha. Lolemba ndisiya.

Loweruka, 8 Juni

Shuga 15. Sisitala wafunsa ngati ndaba tiyi wa shuga. Ndavomera, chonsecho sindinamwe.

Kachikasu.

Kagalu katangodutsa, Adalaivala anasendera kufupi. "Akulu, ndakuonani dzulo, ndakuonaninso lero. Mukuchita chiyani ndi makoko?"

Ndikanakana. Koma pakamwa panga pakonda kuonetsa nzeru. Ndinamufotokozera zonse, za mayi woweta ng'ombe, za tizitsulo, za mafuta a m'khoko. Ankamvetsera kukamwa kuli yasa.

"Ndiye kuti kofiira sikangayake?"

"Sikangayake."

"Mundisungireko limodzi. Mwendo uno ukundibaya m'kati kuyambira dzulo, ndipo ine za fiyeta sindikufuna kumva."

Ndinamupatsa awiri.

Lamulungu, 9 Juni

Shuga 17. Thupi 37.3. Ine kachikasu, Adalaivala kachikasu.

Amene anasintha mabandeji lero ndi namwino wobwereka ku wodi ina, anali yekha pa mabedi 20. Anatsegula, kuyang'ana, kutsuka pamwamba, kumanga. Pamwamba pakuoneka bwino ndithu. Phazi silikuwawa, ndipo ndi chimene chikundipusitsa, ngakhale mphuno ikundiuza zina.

Mayi anabwera ndi mwana wathu wamkazi. Anaona kambale kopanda kanthu.

"Abambo, makoko mukudya?"

"Ndimanunkhiza. Amaphimba fungo la m'wodi."

"Aa, bwenzi mutanena kale. Mawa ndibweretsa ambiri." Anandisendera lalanje mosamala, khoko lonse limodzi losaduka, n'kuliika m'kambale. Anandikonzera pilo. Anandiuza kuti jombo zanga azitsuka, msomali auchotsa, zikundidikira pakhomo.

Sindinathe kuwayang'ana kumaso. 

Lolemba, 10 Juni

Shuga 18. Thupi 37.6. Lero ndiye tsiku limene ndinati ndisiya. Sindinasiye.

Adokotala a magalasi nkhope yagwa. Ndinawamva akuuza Sisitala kuti mabedi awiri oyandikana akuyatsa kachikasu masiku otsatizana, mwina tizitsulo tatopa, ndipo adokotala aakulu ayamba kunena kuti kabokosika n'kongotayitsa nthawi. Anakatenga kukakatsuka ndi mpweya woyera masana onse. Mwana wa eni ake akuvutika ndi makina abwinobwino, wolakwa ali gone pa bedi 6 akuyang'ana kudenga.

Adalaivala lero sanafunse za chakudya. Mbale yake yabwerera yodzaza.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndilemba zonse mwa dongosolo.

M'mawa mazenera atatsegulidwa, mphepo inadutsa pa bedi 7 kubwera kwa ine. Pansi pa fungo la lalanje panali lina, lotsekemera ngati zipatso zimene zayamba kuola m'thumba. Si langa, langa ndikulidziwa. Ndinayang'ana Adalaivala. Anali atafunda mabulangeti awiri dzuwa lili phwee, milomo youma, mano akugundana. M'dzanja anali atafumbata khoko.

"Achimwene, lero musafinyire," ndinatero.

"Mwayamba mantha, Achimkaka?" Anayesa kuseka. "Inu mwafinyira kale, ndakuonani."

"Mwendo wanu wayamba kuwonongeka. Ndikuumva kuchokera pano."

"Ndiye mukufuna akaudule? Ana anga muwadyetsa ndinu?"

Anafinyira, ine ndikuona.

Zaka 26 sindinalolepo chigubu choipa kulowa, chifukwa ndinkadziwa kuti mkakawo akamwa ndi mwana wa munthu. Alimi ananditukwana, ena anandilirira, sindinasunthe. Lero munthu wa ana anayi akuola pafupi nane ndi nzeru imene ndinamupatsa ndine. Ndinadziwanso kuti ndikatsegula pakamwa za iye, zanga zitulukira pomwepo, ndipo fiyeta idzakhala ya tonse awiri.

Katebulo kanafika pa bedi langa. Adokotala anatenga kakapu.

"Adokotala, dikirani. Makina anu alibe vuto. Vuto ndine."

Ndinawapatsa kambale ka makoko. Ndinanena zonse, kuyambira Lachisanu. Ndinanenanso za bedi 7, ndipo ndinati ayambe ndi iyeyo. Adalaivala anandiponyera mawu amene sindingalembe m'kope logula mayi, kenako anatembenukira kukhoma.

Ndinkayembekeza kukalipiridwa. Adokotala anangokhala pa mphepete mwa bedi, magalasi ali m'manja.

"Bambo, fungolo munalimva liti?"

"Lachisanu m'mawa."

"Lachisanu." Anawerenga pa zala, n'kusiyira pa chachinayi. "Munkaopa chiyani?"

Ndinawauza za achimwene anga. Ndinalira, ine munthu wa imvi, pamaso pa wodi yonse. Sisitala anakoka makatani.

Anadula mabandeji onse awiri, kutsuka khungu, kudikira theka la ola, n'kuika kakapu pa bala penipeni. Bedi 7: kofiira. Bedi 6: kofiira. Kagalu sikanachedwe n'komwe.

Thupi 38.4. Shuga 20. Osadya kanthu kuyambira tsopano. Adalaivala alowa ku fiyeta masana ano, ine mawa m'mawa.

Mayi atabwera anawauza ndi Sisitala, ine ndinalephera. Anali ndi thumba la malalanje asanu ndi limodzi. Anakhala pa mpando, thumbalo lili pamiyendo, mpaka belu lotulutsa alendo linalira. Mawu amene ananena ndi awa okha: "Ndiye ndinkakusenderani ndine."

Lachitatu, 12 Juni

Ndasaina pepala. Akuti adzaona ali m'katimo pamene angalekezere.

Loweruka, 15 Juni

Thupi 37.8. Mutu ukulemera.

Chala chachikulu ndi chotsatira chake palibe, ndi kachigawo ka phazi kumbuyo kwake. Chidendene chilipo. Mwendo ulipo.

Lolemba, 17 Juni

Shuga 10. Thupi 37.0. Mankhwala asintha, tsopano ndi botolo la diripi kawiri pa tsiku. Zotsatira za ku labu zabwera, zagwirizana ndi zimene Kagalu kananena Lachiwiri.

Adokotala aakulu ndinawafunsa mosazungulira kuti, ndikananena Lachisanu, zikanatha bwanji. Anayang'ana m'faelo.

"Tikanatsegula, kutsuka, n'kusintha mankhwala. Zala mukanakhala nazo, mwina zonse. Koma mukanadikiranso masiku atatu, bwenzi tikukamba za bondo."

Ndawathokoza chifukwa chosandinyengerera. Zala ziwiri ndinazidula ndekha ndi khoko la lalanje, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala. Zikundiwawa mumtima kuposa kuphazi.

Chodabwitsa, chala chachikulu chimene kulibecho chikumandiyabwa. Sisitala akuti zimachitika, ndisakande bandeji.

Lachitatu, 19 Juni

Kobiriwira, koyamba chichokereni ku fiyeta. Ndinanunkhiza ndekha kasanafike, ndipo tinagwirizana.

Adalaivala anamutsuka kawiri, anachotsa mnofu wambiri, fupa silinakhudzidwe. Chiyambire Lachiwiri lija sanandilankhule. Akafuna madzi amapempha wa pa bedi 8, chonsecho jagi ili pakati pa iye ndi ine. Sindikumuimba mlandu.

Adokotala a magalasi abwera ndi kope lawo. Akufuna ndiwauze njira zonse zimene alimi ankayesa kupusitsira mphuno. Ndawauza zisanu ndi ziwiri: lalanje, sopo wonunkhira, utsi wa nkhuni, mafuta opaka a chimfine, ndi zina. Akuti akaphunzitsa Kagalu kuti kakamva zimenezi kasamangoti sikakumvetsa, kazinena kuti pali chimene chaphimbidwa. Apachikanso pepala pakhomo loletsa mafuta onunkhira ndi makoko a zipatso pafupi ndi mabala. Wodi yonse ikudziwa mwini wa lamulolo. Wa pa bedi 3 akulitcha lamulo la Achimkaka.

"Bambo, mphuno yanu inatsogola makina anga," anatero akutseka kope. "Mukanangoikhulupirira."

"Ndinaikhulupirira, adokotala. N'chifukwa chake ndinaibisa."

Loweruka, 22 Juni

Shuga 8. Ndayenda ndi ndodo ziwiri kuchoka pa bedi kukafika pakhomo n'kubwerera. Masitepe 34. Thukuta ngati ndasenza zigubu.

Adalaivala watuluka lero. Mkazi wake analongedza katundu, ana awiri aang'ono akulimbirana ndodo ya bambo awo. Anatsanzika bedi ndi bedi, langa n'kulidumpha. Atafika pakhomo anaima, anabwerera akutsimphina, n'kuima kumiyendo kwanga. Anayang'ana bandeji yanga, pamene pafupika.

"Akuti miyezi iwiri ndiponda buleki," anatero.

"Zikomo kwambiri. Ndasangalala."

"Ndikadali wokwiya nanu, akulu."

"Mukuyenera."

Anakanda kumutu. "Masana kukubwera chiyani?"

Ndinanunkhiza. "Mpunga ndi kabichi. Mwachita mwayi."

Anaseka pang'ono, n'kundigwira phewa ndi dzanja lake lolemera lija. Masokosi ake ndiwasowa, sindinaganizepo kuti ndingalembe zimenezi.

Lamulungu, 23 Juni

Shuga 8. Thupi 36.7. Kobiriwira, kachisanu motsatizana. Akuti Lachitatu nditha kupita kunyumba. Nsapato yakumanzere adzandipangira ina yake. Jombo zija zidikirabe.

Chichokereni ku fiyeta, mayi akhala akubwera tsiku lililonse, kundisambitsa, kundisinthira zovala, kuwerenga kope lino kuyambira tsamba loyamba. Amabweretsa nthochi yaing'ono kapena dzira lowiritsa. Lalanje sanabweretsenso, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa.

Lero anatulutsa kabakuli ka pulasitiki m'chikwama, n'kukaika pamiyendo panga. Ndinadziwa chili m'katimo asanatsegule. Lalanje limodzi, losendedwa kale, logawidwa bwino, ulusi woyera uja atauchotsa wonse.

"Idyani," anatero.

"Mayi, ndinakulakwirani."

"Munandilakwira. Mukanandiuza kuti mukuopa, bwenzi titaopera limodzi. Kodi achimwene anu sindinawasamale ndine?" Anapukuta m'maso ndi kumbuyo kwa dzanja. "Idyani, lisaume."

Ndinadya kachigawo kamodzi, china ndinawapatsa. Analandira. Ndinayang'ana kambale ka pa kabati, kali mbee, iwo n'kundiona.

"Musavutike kufunafuna, abambo. Makoko ndawasiya kunyumba."